Cilango ca Imfa pa Mlandu wa Cigololo m'Malamulo a Cisilamu

M'malamulo a Cisilamu, ochedwa Sharia, kugonana kwa anthu osakwatilana kumachedwa zina. Korani, pa Sura 24, imalamula kuti wolakwa akwapulidwe zikoti 100. Cilango coponya munthu miyala mpaka afe, cochedwa rajm, sicinalembedwe m'Korani. Cimacokela m'Hadith, zolembedwa za zimene Muhammad ananena ndi kucita, ndipo cimakhudza munthu amene ali pa banja kapena anakhalapo pa banja.

Umboni wofunika

Pamafunika mboni zinai zacimuna zimene zinaona ndi maso mcitidwewo, kapena kuti wolakwayo avomele yekha, ndipo ali ndi ufulu wobweza mau ake. Woneneza mkazi popanda mboni zinai amakwapulidwa zikoti 80. Koma ciphunzitso ca Maliki, cofala kumadzulo kwa Africa, cimatenga mimba ya mkazi wosakwatiwa ngati umboni. Motelo mwamuna angakane n'kumasulidwa, pamene mkazi alibe pothawila.

Mlandu wa Amina Lawal

Kuyambila mu 2000, zigawo 12 za kumpoto kwa Nigeria zinayamba kuweluza milandu motsatila Sharia. Mu March 2002, khoti ya m'cigawo ca Katsina inagamula kuti Amina Lawal aponyedwe miyala cifukwa cobala mwana ukwati wake utatha. Mwamuna amene iye anachula anakana molumbila ndipo anamasulidwa. Pa 25 September 2003, khoti ya apilu ya Sharia inafafaniza cigamuloco. Oweluza anati mlandu sunayendetsedwe bwino, ndiponso kuti m'ciphunzitso ca Maliki mimba ingagone zaka zisanu, conco mwanayo angakhale wa mwamuna wake wakale.

Ufulu wacibadwidwe

Pangano la United Nations la mu 1966 la ufulu wa nzika ndi ndale, pa ndime 6, limalola cilango ca imfa pa milandu yoopsa kopambana cabe. Mu 2018 komiti yoyang'anila panganoli inafotokoza kuti cigololo sicili pakati pa milandu yotele. Ndime 7 imaletsa cilango cankhanza.

Kwa Akristu

Levitiko 20:10 nayenso amalamula imfa, kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Pa Yohane 8, alembi ndi Afarisi anabweletsa mkazi yekha. Yesu sanacepetse chimolo, koma sanalole kuti mkaziyo aphedwe.