Ankati n'kutaya ndalama: mbiri ya laser ndi ulusi wa galasi

Tchuthi chathachi amalume anandifunsa funso limene aliyense wophunzira mbiri yakale amalidziwa bwino. Tinali pakhonde madzulo, ndipo iwo anati, "Ndiye mphwanga, ukamaliza kuwerenga za anthu akufawo, udzadya chiyani?" Ndinangoseka. Iwo anabwerera pa foni yawo n'kuyamba kuonera vidiyo ya ukwati imene achibale a ku Johannesburg anatumiza pa WhatsApp. Yankho linandibwerera patapita milungu iwiri ndili kale kusukulu, ndipo linali mu foni yawo yomweyo. Vidiyo ija inafika kwathu itadutsa mu ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi, wa mamilimita 0.125, ikunyamulidwa ndi kuwala kwa laser. Zinthu ziwirizi zinatulukira m'manja mwa anthu amene nawonso ankafunsidwa funso longa la amalume.

Nkhaniyi imayambira ku Geneva m'chaka cha 1841. Mphunzitsi wina wa sayansi, Daniel Colladon, ankafuna kuti ophunzira a kumbuyo kwa holo aziona bwino momwe madzi amatulukira pa kabowo ka thanki. Analozetsa kuwala m'thankimo, ndipo kuwalako kunatsatira madzi akugwa mokhota mpaka pansi. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kukagunda malire a madzi ndi mpweya mopendekeka kwambiri sikutuluka, kumabwerera mkati, n'kumapitirira kunjanja mpaka kumapeto. Colladon analemba zimenezi mu 1842. John Tyndall anaonetsa zomwezo ku London mu 1854, ndipo popeza iye anali wotchuka, mabuku ambiri kwa zaka zambiri ankati ndiye anayambitsa. Kwa nthawi yaitali nzeru imeneyi inangogwira ntchito yokongoletsa zisudzo ndi akasupe owala, monga amene anthu anakaonera pa chionetsero cha ku Paris mu 1889.

Ganizo lotumiza mawu pa kuwala nalo ndi lakale. Mu 1880 Alexander Graham Bell anatumiza mawu pa kuwala kwa dzuwa mtunda wa mamita 213 ku Washington. Chipangizocho ankachinyadira kwambiri, koma kukachita mitambo kapena nkhungu chinkasiya kugwira ntchito. Panafunika zinthu ziwiri zimene kunalibe: njira yotetezeka yoti kuwala kudutsemo, ndi gwero la kuwala lamphamvu lomwe munthu angathe kuliwongolera.

Njirayo inayamba kuoneka kudzera kuchipatala. Mu 1954 magazini ya Nature inasindikiza ntchito ya Harold Hopkins ndi Narinder Singh Kapany a ku Imperial College, komanso ya Abraham van Heel wa ku Delft, yokhudza kutumiza chithunzi mu mtolo wa timaulusi. Dokotala wina wobadwira ku South Africa, Basil Hirschowitz, anawerenga zimenezi ali ku University of Michigan ndipo anafuna kupanga chipangizo chofewa choonera m'mimba mwa odwala. Vuto linali lakuti timaulusito tikakhudzana, kuwala kunkathawira m'mbali. Amene anathetsa vutoli anali Lawrence Curtiss, wophunzira amene anali asanatenge n'komwe digiri yoyamba, msinkhu wathu womwewu. Iye ankafuna kukuta ulusiwo ndi galasi la mtundu wina, koma akuluakulu ankati lidzasweka. Mu December 1956 anayesa yekha: analowetsa kandodo ka galasi mu chubu cha galasi lina, anazisungunula n'kukoka ulusi, ndipo zinatheka. Mu February 1957 Hirschowitz anameza yekha chipangizocho asanachiyese pa wodwala. Ulusi wa intaneti wa lero umapangidwabe motero, galasi la pakati lokutidwa ndi galasi lina.

Gwero la kuwala linali ndi ulendo wakewake. Mu 1917 Albert Einstein analemba kuti atomu imene yapatsidwa mphamvu ikagundidwa ndi kuwala koyenera, imatulutsa kuwala kwina kofanana ndendende ndi kumene kwaigunda. Ganizoli linakhala pa pepala zaka zoposa 30. Charles Townes wa ku Columbia University anayamba kuliyesa pa mafunde a microwave, ndipo malinga ndi zimene iye mwini ankasimba, akuluakulu awiri a dipatimenti yake, Isidor Rabi ndi Polykarp Kusch, anabwera mu ofesi yake kudzamuuza kuti asiye chifukwa sizidzatheka ndipo akungomwaza ndalama. Onsewa anali akatswiri enieni, ndipo onse analandira mphoto ya Nobel. Townes anakana kusiya, ndipo mu 1954 chipangizo chake, chotchedwa maser, chinagwira ntchito.

Kenako panabuka mpikisano wochita zomwezo ndi kuwala kooneka ndi maso. Townes ndi mlamu wake Arthur Schawlow analemba za njira yake mu 1958. Amene anapambana anali Theodore Maiman wa ku Hughes Research Laboratories ku Malibu, pa 16 May 1960. Anagwiritsa ntchito kamwala ka ruby kopangidwa mu fakitale, kamene akatswiri ena anali atakachotsa kale pa mndandanda, ndi nyali yothwanima ya ojambula zithunzi. Magazini ya Physical Review Letters inakana pepala lake, ndipo linatuluka mu Nature pa 6 August 1960, lalifupi kuposa tsamba limodzi. Womuthandiza wake, Irnee D'Haenens, ankaseka kuti laser ndi yankho lomwe likusakasaka funso. Nthabwala imeneyi inafala chifukwa munali choonadi. Pa nthawiyo palibe amene ankadziwa bwinobwino kuti chinthuchi chidzagwira ntchito yanji.

Anthu a matelefoni anaona msanga kuti kuwala kwa laser kungathe kunyamula mauthenga ochuluka kwambiri kuposa waya wa kopa. Koma galasi ankaliona ngati lopanda tsogolo, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Mu ulusi wabwino kwambiri wa nthawiyo, kuwala kukayenda mamita 20 okha kunkatsala 1 peresenti. Zimenezi zinali zokwanira kuonera m'mimba mwa munthu, koma osati kulumikiza mizinda. A Bell Labs, omwe anali ndi ndalama ndi akatswiri ambiri kuposa aliyense, anaika chidwi chawo pa mapaipi amphako.

Apa m'pamene Charles Kao analowerapo. Anabadwira ku Shanghai mu 1933, anakulira ku Hong Kong, ndipo ankagwira ntchito ku Standard Telecommunication Laboratories ku Harlow, ku England. Iye anafunsa funso limene ena sankalifunsa: kodi n'chiyani kwenikweni chimameza kuwala mu galasi? Mu 1966 iye ndi George Hockham analemba kuti vuto si galasi lenilenilo koma tizinyalala timene timakhala mkati mwake, makamaka chitsulo. Anawerengetsa kuti galasi likayeretsedwa mpaka kuwala kuzitsala 1 peresenti patatha kilomita yathunthu, lingathe kunyamula matelefoni. Kuchoka pa mamita 20 kufika pa mamita 1,000 kunkamveka ngati maloto, ndipo Kao anatha zaka akuyenda m'mafakitale ndi m'malabotale kukopa anthu amene ambiri a iwo ankangomumvetsera mwaulemu. A British Post Office ndiwo anali m'gulu la ochepa amene anamukhulupirira.

Mu 1970 Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a ku Corning Glass Works ku America anapanga ulusi umene unapyola malire amene Kao anaika. Chaka chomwecho gulu la Zhores Alferov ku Leningrad, komanso Izuo Hayashi ndi Morton Panish ku Bell Labs, anapanga tima laser tating'ono ngati kambewu ka mchenga tomwe tinkayaka mosalekeza popanda kuziziritsidwa. Mu 1977 matelefoni enieni anayamba kudutsa mu ulusi wa galasi ku Long Beach ndi ku Chicago. Pofika 1979 akatswiri a ku Japan anali atayeretsa galasi mpaka kuwala kunkatsala theka patatha makilomita pafupifupi 15. Mu 1988 nthambo ya TAT-8 inawoloka nyanja ya Atlantic kulumikiza America, Britain ndi France, ikutha kunyamula matelefoni 40,000 nthawi imodzi. Kuchokera pa thanki ya Colladon panali patapita zaka 147.

Ife a kum'mawa kwa Africa kuno tinadikira zaka zina 21. Gombe la kum'mawa linkadalira kwambiri masetilaiti, omwe anali odula komanso ochedwa, mpaka nthambo ya SEACOM inayamba kugwira ntchito mu July 2009, ikutulukira ku Mombasa, Dar es Salaam, Maputo ndi Mtunzini. Ya EASSy inatsatira mu 2010. Malawi alibe gombe, choncho intaneti yathu imafika kunyanja kudzera mwa anansi athu monga Tanzania ndi Mozambique. Ambiri tinazindikira zimenezi mu May 2024, pamene nthambo ziwiri zija zinaduka pansi pa nyanja ndipo intaneti inayamba kukwawa m'mayiko angapo a chigawo chino.

Tsono mbiri imeneyi ikundiphunzitsa chiyani? Choyamba, akatswiri amene ankati "sizingatheke" sanali opusa. Rabi, Kusch ndi a Bell Labs ankaweruza malinga ndi zimene zinkadziwika, ndipo nthawi zambiri oweruza otere amalondola. Kafukufuku wambiri amene amaoneka wopanda ntchito amakhaladi wopanda ntchito mpaka kalekale. Vuto ndi lakuti palibe amene angaloze pasadakhale kuti wopindulitsayo ndi uti. Dziko kapena yunivesite imene imalipira kafukufuku yekhayo amene phindu lake likuoneka chaka chamawa ikanamuletsa Townes mu 1953, ndipo Kao ikanamuuza kuti akagwire ntchito ina.

Chachiwiri, sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati nthano ya anthu anzeru ovutika okhaokha. Aliyense wa iwo anali ndi thumba kumbuyo kwake. Ntchito ya Townes inkalipiridwa ndi asilikali a America, Hughes inali kampani yopanga zida zankhondo, ndipo Corning inali ndi ng'anjo komanso luso la zaka zambiri lopanga galasi loyera. Kuleza mtima kwawo kunagulidwa ndi ndalama za Nkhondo Yozizira ndi za makampani akuluakulu. Tikamadandaula kuti kwathu kuno sitipanga zinthu, tizikumbukira kuti Curtiss anali wophunzira ngati ife, koma anali ndi labotale yotsegula, galasi loti n'kuwononga, ndi dokotala amene anali ndi vuto lenileni lofuna yankho. Mnzanga wina wa physics amagawana chipangizo chimodzi ndi anzake ambirimbiri, ndipo chikawonongeka amangophunzira pa bolodi.

Chachitatu ndi chimene chikukhudza phunziro langa mwachindunji: ndani amakumbukiridwa? Colladon anaphimbidwa ndi Tyndall. Gordon Gould, amene analemba dzina lakuti laser mu kope lake mu 1957 ali wophunzira ku Columbia, analetsedwa kugwira nawo mbali yachinsinsi ya kafukufuku wochokera pa ganizo lake lomwe chifukwa chakuti ali mnyamata ankapita ku gulu lophunzira za Marx, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 akulimbana m'makhoti kuti umwini wake uvomerezedwe. Mphoto ya Nobel ya 1964 inapita kwa Townes, Nikolay Basov ndi Aleksandr Prokhorov. Maiman, amene anayatsa laser yoyamba, anamwalira mu 2007 osailandira. Kao anailandira mu 2009, zaka 43 chilembere pepala lija, matenda oiwala a Alzheimer atamugwira kale, moti nkhani yake pa mwambowo anaikamba ndi mkazi wake, Gwen. Mayina a Colladon, Curtiss ndi Gould tikuwadziwa lero chifukwa anthu ena anakhala pansi n'kufufuza m'makope akale, m'makalata ndi m'zolemba za kukhoti. Imeneyo ndi ntchito ya wolemba mbiri.

Sindikunena kuti digiri yanga idzabala chinthu ngati ulusi wa galasi, ndipo funso la amalume silinathe. Lendi ndi ufa zimafuna ndalama, ndipo anzathu ambiri amene anamaliza chaka chatha akadayendabe ndi ma envulopu m'tauni. Koma ambiri a inu amene mukuwerenga pano mudzakhala m'makomiti, m'maunduna ndi m'mabungwe amene amagawa ndalama. Tsiku lina kudzabwera wachinyamata ndi pempho lomwe phindu lake silikuoneka, ndipo mudzakhala ndi zifukwa zabwino zomukanira. Ndikupempha kuti musanakane mudzamufunse zimene akufuna kuyeza komanso chimene chingamusonyeze kuti walakwa, monga Kao ananeneratu nambala yake, 1 peresenti pa kilomita, imene aliyense akanatha kuiyesa.

Nkhaniyi ndawatumiziranso amalume pa WhatsApp, ndipo timizere tiwiri tija tasanduka kale tabuluu. Ndikudikira kuti ndimve zimene anene pa Khirisimasi.