Momwe foni inaphunzirira ulemu ku Shimabala

Pa Shimabala, pamsewu wochoka ku Lusaka kupita ku Kafue, malole olowera ku Chirundu ndi ku Livingstone amadutsa usana ndi usiku, ndipo pageti yolipirira magalimoto injini sizipuma. Foni yolira monong'ona siimveka pamalo otere. Kuno foni inayamba ndi kukuwa, ulemu inaphunzira pambuyo.

Mafoni a m'manja anafika m'Zambia m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa Zamtel, Telecel ndi Zamcell. Telecel inagulidwa ndi MTN mu 2005, pomwe Zamcell inasanduka Celtel, kenako Zain, mpaka kukhala Airtel mu 2010. Kuimba kunali kodula, choncho anthu anazolowera kupeja: kuliza foni ya mnzako kamodzi n'kudula, kuti iyeyo ndiye awononge ndalama pokuimbira. Uthenga wonse unkathera m'kulira kamodziko. Wotsitsa voliyumu ankaphonya m'bale, kasitomala kapena ganyu.

Nokia 3310 ya mu 2000 ndi Nokia 1100 ya mu 2003 zinali ndi makonzedwe okhalitsa foni chete komanso kulira koyamba motsika n'kumakwera. Koma kuti uwafike unkayamba wadinadina mabatani. Kanyimbo ka Nokia, kotengedwa m'nyimbo ya gitala imene Francisco Tárrega wa ku Spain anapeka mu 1902, kakayamba pakati pa ulaliki kapena pamanda, mwinifoni ankapisa m'matumba onse anthu akumucheukira. Umu ndi momwe oyendetsa mwambo anayambira kupempha khamu kuti lizimitse mafoni pemphero lisanayambe.

Opanga mafoni nawo sanagone. Motorola StarTAC ya mu 1996 inali m'gulu la mafoni oyamba otha kunjenjemera m'malo molira. iPhone inabwera mu 2007 ndi kabatani ka m'mbali koitseka pakamwa, ndipo mu 2012 inawonjezera Do Not Disturb, njira yoletsa kulira pa maola amene mwini wasankha.

Lero ambiri ali ndi Tecno, itel kapena Samsung, ndipo mankhwala ali pa chala. Pa mafoni ambiri amakono, kudina batani la voliyumu foni ikulira kumaikhalitsa chete osadula woimbayo. Iye amangomva ikuitanabe, ndipo mwinifoni amapeza mpata wotuluka panja kukayankha.