Stephen Chifunyise: Kuchokera ku Chikwakwa Kufika ku Harare

Stephen Chifunyise anabadwa mu 1948 m'dera la Shurugwi ku Zimbabwe, koma luso lawo la zisudzo linakhwimira ku Lusaka, mzinda wa anthu olankhula Chinyanja. Ali pa yunivesite ya Zambia, analowa m'gulu la Chikwakwa limene mphunzitsi wina, Michael Etherton, anayambitsa pamodzi ndi ophunzira ake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Dzinalo silinangobwera mwangozi, pakuti chikwakwa ndi chida cha munthu wamba chotchetchera udzu. Pa nthawiyo nyumba za zisudzo mumzindamo zinali m'manja mwa azungu, ndipo masewero ake ambiri anali ochokera ku Ulaya. A Chikwakwa anadzimangira bwalo la pamtetete, namayendanso m'zigawo kukachita masewero m'zilankhulo za eni dera.

Kumeneko ndiko a Chifunyise anatola mfundo imene anaigwiritsitsa moyo wawo wonse: yoti ng'oma, nyimbo ndi gule ndizo zimasenza nkhani m'sewero la kuno kwathu, ndi kuti sewerolo liyenera kulondola anthu kumene akukhala. Atachita maphunziro ozama a zisudzo ku Los Angeles, anaphunzitsa pa yunivesite ya Zambia, kenaka n'kutsogolera nthambi ya boma yoona za chikhalidwe m'dzikomo.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, iwo anabwerera kwawo, kumene anagwira ntchito m'boma mpaka kufika pa udindo wa mlembi wamkulu mu unduna wa maphunziro, masewera ndi chikhalidwe. Udindowo sunawaiwalitse bwalo. Mu 1989, mogwirizana ndi Robert McLaren ndi Farai Gezi, anakhazikitsa bungwe la CHIPAWO, limene linayamba kuphunzitsa ana a mu Harare kuimba, kuvina, kuliza marimba ndi kuchita sewero ngati phunziro limodzi.

Mfundo yolondola anthu ija inadzakhala ndi mtengo wake. Sewero lawo la Rituals, lonena za miyambo yopepetsera ndi kuyanjanitsa mudzi pambuyo pa ziwawa za chisankho cha 2008, linatengedwa ndi gulu la Rooftop Promotions kupita nalo kumidzi. Mu Januwale 2011 apolisi anamanga ochita sewerolo m'boma la Chimanimani, ngakhale kuti pambuyo pake bwalo la milandu linawapeza osalakwa.

Mbiri imeneyi imamveka bwino tikaiyeza ndi malo ngati Hopley, kumwera kwa Harare. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wa Mbende Jerusarema wa ku Zimbabwe pamodzi ndi Gule Wamkulu wa Achewa. Chaka chomwecho boma linagwetsa nyumba za anthu osauka pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina; lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ena mwa iwo anakasiyidwa pa famu ya Hopley, kutali ndi Theatre in the Park ya pakati pa mzinda, kumene masewero ambiri a Chifunyise ankaonetsedwa.

Kwa anthu otere, sewero lofuna nyumba, magetsi ndi tikiti ndi la eni ake. Limene lingawafike ndi lofuna bwalo, ng'oma ndi oyankha nyimbo. A Chifunyise anamwalira mu Ogasiti 2019, atatha zaka pafupifupi 50 akulemba ndi kuphunzitsa sewero la mtundu wachiwiriwu.