Mawu a pakatoni ya kamera yosalowa madzi

Olympus Tough TG-6 itatuluka mu 2019, opanga ake adalonjeza zinthu zinayi: kuti imamira mpaka mamita 15 osalowa madzi, imagwa kuchokera pa mamita 2.1 osasweka, imapirira kupsinjidwa ndi katundu wa makilogalamu 100, ndipo imajambulabe pa kuzizira kwa -10°C. Lonjezo lachinayilo kuno silikhudza ambiri. Loyambalo ndilo limakopa anthu opita ku Cape Maclear kukajambula mbuna, ndipo ndilo ambiri amalimva molakwika.

Ojambula amasiyanitsa mawu omwe ogulitsa amakonda kuwasakaniza. Kamera ya weather-sealed imapirira mvula yowaza ndi fumbi basi. Kuiviika m'nyanja ndi kuitaya. Ya waterproof ndiyo idapangidwira kumira, koma nayonso ili ndi malire ake.

Malirewo amalembedwa ndi zilembo IP ndi manambala awiri, potsata muyezo wa IEC 60529. Nambala yoyamba imanena za fumbi, ndipo 6 ndiye kuti fumbi sililowa konse. Yachiwiri imanena za madzi. Ikakhala 7, chipangizocho chimapirira mita imodzi kwa mphindi 30. Ikakhala 8, chimapitirira apo, koma kuya kwake amasankha ndi wopanga mwini. Choncho IP68 ya foni ina si IP68 ya inzake. Ya iPhone 12 ndi mamita 6 kwa mphindi 30, komabe Apple imanena poyera kuti siilipira foni yowonongeka ndi madzi. Kuyesako kumachitika m'madzi abata, chipangizo chili chatsopano. Foni yomwe idagwapo pa simenti, kapena idatsegulidwapo kwa wokonza mafoni, nambala ija siikuikhudzanso kwenikweni.

Madzi amapsinja. Pa mamita 10 aliwonse amawonjezera mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse womwe uli pamwamba pathu, ndipo amasakasaka kampata kalikonse. Chowatchinga si chitsulo cha kamera ayi, koma kamphira kozungulira kachitseko ka batire ndi khadi. Pa mabokosi omiza makamera kamphiraka amakatcha O-ring.

Wojambula wozolowera amadziwika ndi mmene amasamalira kamphira kameneka. Satsegula kachitseko pagombe, ndipo sakatsegula ndi manja onyowa. Amakatsegula m'chipinda mowala, nayang'anitsitsa mphirayo kuzungulira konse, chifukwa kamchenga kamodzi kapena tsitsi limodzi lopingasa ndi lokwanira kulowetsa madzi. Akatseka amaonetsetsa kuti maloko onse awiri agwira. Pochoka kunyanja amaiviika kamerayo m'madzi oyera kwa mphindi 10, akudina mabatani kuti mchenga utuluke. Pa nyanja ya Malawi vuto ndi mchengawo. Amene amapita kugombe la Mozambique ali ndi la mchere, womwe ukauma umakanda mphira. Olympus idalangiza kuti mphirazi zizisinthidwa chaka chilichonse, langizo lomwe ndi ochepa amalitsata.

Palinso nthunzi. Kamera ikakhala padzuwa m'boti kenako n'kulowa m'madzi ozizirirapo, galasi limachita chifunga mkati. Amene amaiika m'bokosi amaponyamo timapaketi ta silica gel, tomwe tija timapezeka m'katoni ya nsapato zatsopano.

Bokosilo dzina lake ndi housing. TG-6 ikalowa mu PT-059 imafika mamita 45. GoPro idayamba kumira popanda bokosi ndi HERO4 Session ya mu 2015, mpaka mamita 10. Koma nzeruyi ndi yakale: kamera ya Calypso, yomwe Jean de Wouters adapangira Jacques Cousteau, idatengedwa ndi Nikon n'kutuluka ndi dzina la Nikonos mu 1963, ndipo Nikonos V idapangidwa mpaka 2001. Ojambula a nthawi imeneyo ankamira ndi filimu ya zithunzi 36, yomwe sakadaisintha ali pansi. Ankaganiza kaye asanadine.

Madzi akalephera kulowa m'kamera, amasokoneza chithunzi. Amameza kuwala mtundu ndi mtundu, ndipo woyamba kutha ndi wofiira, cha pa mamita 5. Mbuna za buluu za pa chilumba cha Thumbi zimaonekabe bwino, koma zipsepse zofiirira zimatuluka zotuwa. White balance ndi njira youza kamera chomwe chili choyera pamalopo kuti ikonze mitundu ina yonse. Imathandiza posazama, kukazama pamafunika strobe, nyale yothwanima yomangiriridwa pambali.

Chifukwa choiikira pambali ndi backscatter. Nyale ikakhala pafupi ndi lenzi imawalitsa tinyalala tonse toyandama pakati pa kamera ndi nsomba, chithunzi n'kudzaza timadontho toyera. Nthawi ya mvula, mitsinje ikathira matope m'nyanja, kapena mwera ukavundula madzi, vutoli limakula. Mankhwala ake ndi kuyandikira. Kuchita zoom sikuchepetsa madzi ali pakatiwo, pomwe kusambira mita imodzi kumawachepetsa. Madzi amanamizanso maso: kudzera pagalasi lathyathyathya chinthu chimaoneka chachikulu ndi chapafupi kusiyana ndi mmene chilili, ndipo wophunzira amaganiza kuti wafika pomwe adakali kutali. Zithunzi za Ad Konings, katswiri wa ku Netherlands yemwe mabuku ake adadziwitsa dziko nsomba za m'nyanjayi, zimaonetsa mbuna pamwala pake, mamba akuwerengeka. Zotero zimatuluka munthu akakhala chete pambali pa mwalawo mpaka nsomba itamuzolowera.

Chinthu chimodzi sichilembedwa ndi zilembo zazikulu pakatoni: TG-6 kapena GoPro ikapulumuka m'manja siyandama. Wokonzekera ulendo wa ku Thumbi kapena ku Nkhata Bay agule lamba woyandama tsiku lomwe akugula kameralo, aumange padzanja asanakwere boti.