Kazembe amene anakana kulankhulira Kamuzu

Mbiri ya David Rubadiri siingamveke bwino osayambira pa bwalo la ndege la Chileka. Pa 6 July 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pamenepo atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo chikhamu cha anthu chinamulandira ngati mpulumutsi wodzaphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Miyezi isanu ndi itatu yokha itadutsa, pa 3 March 1959, boma la atsamunda linamumanga n'kumukweza ndege pa Chileka pomwepo kupita naye kundende ya Gwelo. Mwa anthu ambirimbiri amene anatsekeredwa chaka chimenecho munalinso mphunzitsi wachinyamata, Rubadiri.

Anabadwa mu 1930. Sukulu anakaphunzira ku Uganda, pa King's College Budo, kenako pa Makerere, n'kudzapitiriza ku Cambridge. Atabwerera kuno anakhala mkulu wa koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill mu Blantyre. Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, Kamuzu anamusankha kukhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Anali ndi zaka 34 zokha. Mbendera inali yatsopano, ndipo dzina loti Malawi anthu ambiri kunjako anali asanalimvepo. Iye ndiye ankayenda ofesi ndi ofesi kufotokoza kuti ndife yani.

Koma kumudzi zinthu zinali zitavuta kale. Mu September 1964 nduna zinatsutsana ndi Kamuzu pa nkhani zingapo: tiki imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, komanso ubale wake ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, pomwe Henry Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Ambiri anathawira kunja. Ntchito ya kazembe ndi kulankhula mawu a amene anamutuma, kaya akugwirizana nawo kaya ayi. Rubadiri anaona kuti sangaime pamaso pa mayiko n'kuikira kumbuyo boma lomwe likusaka anzake, ndipo mu 1965 anasiya ntchito. Ine ndimaona kuti apa m'pamene anatumikira Malawi koposa, chifukwa anataya nyumba, galimoto ndi ulemu akudziwa bwino kuti njira yobwerera kwawo yatsekeka.

Zaka zotsatira anazithera m'kalasi. Anaphunzitsa ku Makerere mpaka ulamuliro wa Idi Amin utafika poipa, kenako ku Nairobi, pomaliza ku Botswana. Buku lake la No Bride Price linatuluka mu 1967, chaka chomwe Kamuzu anakhazikitsa ubale ndi boma latsankho la South Africa. Ndakatulo zake zinawerengedwa m'sukulu za mayiko ambiri a mu Africa mwini wake ali wosaloledwa kuponda kwawo.

Moyo wotere akuudziwa bwino akazembe a anthu a ku Western Sahara. Dziko lawo analilengeza pa 27 February 1976, koma gawo lalikulu lili m'manja mwa Morocco, ndipo anthu awo ambiri amakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Tindouf, m'chipululu cha Algeria. Ahmed Boukhari anawaimira ku United Nations kwa zaka zoposa 20 mpaka anamwalira mu 2018, chisankho cha riferendamu chimene analonjezedwa mu 1991 chisanachitike. Ife Amalawi tili ndi mbali pa nkhaniyi. Boma lathu linavomereza dziko lawo mu 1994, n'kumasinthasintha maganizo pambuyo pake, kufikira mu 2021 pamene linatsegula ofesi ku Laayoune, kusonyeza kuti laima ndi Morocco. Mlimi wa ku Lirangwe sanafunsidwepo, komabe zonsezi zimachitika m'dzina lake, ndipo n'zowawa kuti dziko lomwe ana ake anavutika kunja linatembenukira msana anthu otere.

Rubadiri anachita mwayi umene Boukhari sanauone. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, Bakili Muluzi anamutumanso ku United Nations mu 1997, pa mpando womwe anausiya zaka 32 m'mbuyomo. Mu 2000 anakhala mkulu woyendetsa University of Malawi. Anamwalira pa 15 September 2018 ku Mzuzu, ali ndi zaka 88.