Njira za mafayilo mu Python: kusonkhanitsa popanda kusokoneza

Wophunzira chilankhulo cha Python sachedwa kudabwa. Kuti afufute fayilo amalemba os.remove, kuti aone ngati fayiloyo ilipo amapita ku os.path.exists, kuti aikopere kwina amafunika shutil.copy, ndipo kuti apeze mafayilo onse a mayina othera ndi .txt amatsegula glob. Ntchito zonsezi n'zokhudza mafayilo, koma zinamwazikana m'magawo anayi a laibulale imene imabwera ndi chilankhulocho. Gawo la os linatengera mayina a Unix monga mkdir, rmdir ndi unlink, pamene shutil linasenza ntchito zokulirapo monga kukopera foda yonse. Gawo lililonse linali ndi chifukwa chake, koma mapeto ake wophunzira amaloweza mbiri ya laibulale m'malo momvetsa mafayilo.

Ine ndikuona kuti kusonkhanitsa ntchitozi n'koyenera, chifukwa kumakakamiza opanga chilankhulo kunena bwinobwino kuti njira n'chiyani. Kale njira ya fayilo inkasungidwa ngati zilembo wamba, ndipo pulogalamu sinkaisiyanitsa ndi dzina la munthu. Komatu njira ili ndi malamulo ake: Linux imalekanitsa mafoda ndi chizindikiro cha /, Windows imagwiritsa ntchito \ ndipo imayamba ndi chilembo cha disiki monga C. Mu 2014, Python 3.4 inabweretsa pathlib, potsatira chikalata cha PEP 428 chimene analemba Antoine Pitrou. Mmenemo njira inakhala chinthu choima pachokha, ndipo anaigawa pawiri. PurePath imangodula ndi kulumikiza mayina osakhudza disiki, pamene Path imafunsa disiki zenizeni. Njira ili ngati adiresi ya pa envelopu: ikhoza kulembedwa bwino ngakhale pamalopo palibe nyumba. Amene wamvetsa zimenezi sadabwanso pulogalamu ikamulola kupanga njira ya fayilo imene kulibe.

Otsutsa amati kuwonjezera gawo latsopano kumangochulukitsa chisokonezo, popeza akalewo sangachotsedwe, mapulogalamu ambirimbiri amawadalira. Mfundoyi ili ndi umboni. Poyamba lamulo la open silinkalandira Path, ndipo anthu ankayenera kuibwezera ku zilembo nthawi zonse. Koma vutoli linatha mu 2016, pamene Python 3.6 inatsatira PEP 519 n'kulola magawo akale kulandira njira zatsopanozi. Zilankhulo zinanso zadutsa momwemo. Java 7 inabweretsa java.nio.file mu 2011 osachotsa java.io.File, ndipo Go 1.16 mu 2021 inasamutsira ntchito za gawo lake la ioutil ku magawo ake a os ndi io, zakalezo n'kumagwirabe ntchito. Mapulogalamu akale sawonongeka, ndipo olemba atsopano amadziwa poyambira.

Mfundo ina ya otsutsa ndi yolemera kwambiri: mawu amodzi akhoza kubisa ntchito ziwiri zosiyana. Kusintha dzina ndi kusamutsa zimaoneka zofanana kwa wogwiritsa ntchito kompyuta. Pa disiki imodzi, os.rename imangosintha pamene dzina lalembedwa, ndipo zimachitika kamodzi n'kamodzi. Fayilo ikamapita ku disiki ina, lamuloli limakana. Pamenepo shutil.move imakopera kaye kenako n'kufufuta yakale, ndipo magetsi akathima pakati, ntchito imatsala theka. Chimodzimodzinso kufufuta: rmdir imachotsa foda yopanda kanthu yokha, pamene rmtree imasesa foda ndi zonse za m'kati mwake, osafunsa. Wopanga laibulale akaphatikiza ziwirizi m'lamulo limodzi lofupika, tsiku lina munthu adzataya ntchito ya chaka chonse chifukwa cholakwitsa mzere umodzi.

Komabe mfundoyi sikutsutsa kusonkhanitsa, ikungosonyeza mmene kuyenera kuchitikira. Opanga Python anachita mwapang'onopang'ono: walk, yoyendera m'mafoda, inalowa mu Path pa Python 3.12, copy ndi move zinalowa pa Python 3.14 mu 2025, koma rename inakhalabe payokha, ndipo rmdir ikukanabe foda imene muli zinthu. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Ntchito za mafayilo zikhale pamalo amodzi kuti wophunzira azipeze mosavuta, koma iliyonse imene zotsatira zake n'zosiyana isunge dzina lakelake, makamaka zimene zikachitika sizibwezedwa. Aphunzitsi a mapulogalamu ayambe ndi pathlib, ndipo asalole wophunzira kulemba rmtree asanafotokoze yekha zimene lamulolo lidzafufute.