Kodi "Khirisimasi Bokosi" Inachokera Kuti?

Mwana wa kwa Mphuka akatsegula buku lazithunzi lochokera kunja, amapezamo Khirisimasi ya chipale chofewa ndi agalu okoka ngolo, zinthu zimene sanazionepo. Komatu mwambo umodzi wa kutsidya kwa nyanjako unakhazikika kuno kalekale.

Ku Mangalande, pa 26 Disembala, mabwana ankapatsa antchito awo bokosi la mphatso. Mwambowu unafika kuno ndi azungu, ndipo tiyi atayamba kudzalidwa ku Thyolo mu 1908 unaloŵanso m'maesiteti. Koma kamphatso ka tsiku limodzi kakanafafaniza bwanji thangata la chaka chonse?

Tsono mwana akakuimikani pamsewu nkukuwa kuti "Khirisimasi bokosi!", mpatseni ndithu kangachepe. Kenaka mukhazikeni pansi, mumuuze kuti mawuwo agogo ake anawaphunzirira pakhomo pa bwana, chipewa chili m'manja.